Wakuba wa Kudimba

Amalume a Zuze analumbira atakweza chala
kuti wina akuwabera magetsi kudimba.
Pampu yomwe anagulitsira mbuzi zinayi
inkangotsokomola ngati wosuta chingambwe,
madzi kungodontha, anyezi kugona m'mizere.
Dzina la wakubayo anali nalo kale m'kamwa:
Dinyero wa dimba la kumunsi,
amene analimbirana naye malire madzi osefukira ataphwa.

Ndinakabwereka mita kwa Fombe wokonza mafoni pa Bangula,
kachikasu, kosweka pangodya, komangidwa ndi mphira.
Chikole ndinasiya nsapato zanga za kutchalitchi.

Unali mwezi wa Okutobala.
Dzuwa la kuno silifunsa kuti ndiwe mwana wa yani.
Batire limakhala pachulu, pansi pa sola,
chichokereni chaka chomwe Shire anameza loyamba.
Ndinagwada pamenepo, ndi kugunditsa timinga tiwiri,
kofiira ndi kakuda:
mavoliti khumi ndi awiri.
Ndinamasula waya, mita n'kuyiika pakati ngati mlatho:
maampu asanu akuwoloka.
Ndinalemba ndi kamtengo padothi louma,
khumi ndi awiri kuchulukitsa kasanu,
mawati makumi asanu ndi limodzi akunyamuka pachulu
onse amoyo, onse athanzi.

Kenako ndinatsata waya kutsikira kumadzi,
mapazi makumi awiri,
maso ena ali pabango, poti ng'ona siilemba kalata.
Pakamwa pa pampu mita inati: asanu ndi anayi.
Ndinagogoda galasi. Sinasinthe mawu.

Atatu atsala kuti?

Amalume anati, waona! n'kuloza kwa Dinyero
yemwe ankapalira mbatata zake osadzutsa mutu.
Ndinati, amalume, gwirani apa.
Anagwira waya, kaja ka sipika
kamene anakatsitsitsa mtengo pamsika wa Nchalo,
kowonda ngati ulusi wosokera thumba.
Anati, n'dzuwa limeneli.
Ndinafukula pomwe kanakwiririka mumthunzi wa nthochi.
Nakonso kanali kofunda.

Ndinalembanso padothi, iwo ataima chiweramire.
Mavoliti atatu otayika, kugawa ndi maampu asanu:
ziro poyinti sikisi, m'maomu.
Limenelo ndiye liuma la waya wanu, kupita ndi kubwera.
Anaseka. Kanthu kosakwana ndi imodzi yomwe?
Ndinati dikirani.
Atatu kuchulukitsa kasanu:
mawati khumi ndi asanu akuthera m'njira,
kuwotcha dothi lomwe latentha kale.
Pampu ikulandira makumi anayi ndi asanu.
Mwa mbuzi zinayi zija, amalume,
imodzi mukuiwotcha tsiku ndi tsiku
popanda wodya nyama yake.

Apa sanaseke.
Anavula chipewa, kukanda m'mutu, kuvalanso.
Anayang'ana manambala anga
mpaka nyerere zinayamba kudutsa pa sikisi.

Aphunzitsi a Nyamizinga ankati ndilibe mutu wa sayansi
chifukwa ndinkawodzera masana, malata akulira ndi kutentha.
Ndikanakonda akanaona bolodi langa la lero
lisanafufutidwe ndi mapazi a ng'ombe.

Lachisanu amalume anakwera kabaza
ndi nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo,
n'kubwera ndi waya wonenepa ngati chala changa chaching'ono.
Pampu inasiya chifuwa.
Madzi anathamanga m'ngalande mpaka kudumpha malire
n'kukanyowetsa mbatata za Dinyero.

Ndinkayembekeza kuti atseka ndi khasu.
Anaima, khasu lili paphewa,
n'kumayang'ana kwina, ku phiri la Mulaka,
ngati munthu amene sakuona kanthu.
Pepani sanamunene. Sali m'gulu la mawu awo.

Mita ndinabweza, nsapato ndinatenga.
Fombe anafunsa ngati wakuba anagwidwa.
Ndinati eya, tamukulunga,
pano akuyanikira zovala kuseri kwa nyumba.