Mabisiketi a Chitowe ku Chilinde

Mawu ako ndawamvera kanayi pa foni, Ndaziona.
Wati makapu awiri a fulawa, theka la shuga,
majarini, dzira limodzi,
kenako phokoso la mabasi a ku Joni
lakumeza usanafike pa soda.
Ndangotapa ndi nsonga ya supuni.

Chitowe ndagula kumsika wa Lizulu
kwa mayi uja woyeza ndi kachitini,
wandifunsa ngati udakali moyo, wandiikira basela.
Ndachipeta ngati mlamu wobwera dzulo,
china chagwera nkhuku za alandilodi.
M'chiwaya chikuthetheka,
chikulumpha ngati utitiri,
ndipo fungo latuluka pakhomo osatsanzika
kukauza mzere wonse wa nyumba za lendi
kuti bambo a Tikhale ayamba misala.

Magetsi athima, monga mwa mwambo wa Loweruka.
Uvuni wako wangoti duu, wayasamula.
Ndatsira mchenga mumphika waukulu,
makala pansi, makala pachivindikiro,
monga unkachitira tili ku Mtandire
tisanagule ngakhale mpando.

Botolo la Sobo ndilo lafulula mtanda.
Tikhale akudula ndi kukamwa kwa tambula,
miyezi yaing'ono khumi ndi isanu ndi umodzi,
wina wopindika chifukwa watsinako.
Akuti sindikupyapyalitsa ngati iwe.
Ndapyapyalitsa mpaka thebulo laonekera.

Oyamba apsa. Tisabise.
Akuda bii kunsi ngati tayala la kabaza,
ndinali kukangana ndi wamakala pa geti.
Achiwiri ndawalondera ngati mlonda wa ku Area 10,
maso pamphika, utsi m'maso,
mpaka m'mbali mwafiirira
ngati dothi la mu Okutobala.

Unati tidikire azizire, ndi pamene amauma.
Kudikira ndiye takuphunzira, mayi.
Zaka ziwiri ndi Khirisimasi imodzi.
Koma mphindi khumi izi
mwana wazungulira thebulo kasanu ndi kawiri.

Kenako thyo!
Phokoso lenileni, louma, losweka bwino,
nyenyeswa pachibwano, chitowe pamphuno.
Wakukuta kawiri, waima,
walavulira m'dzanja:
dzino lija lakhala likugwedera chiyambire Pasaka
lagona pakati pa njere zitatu,
loyera ngati linzawo, lokulirapo pang'ono.

Sanalire.
Wakana kuliponya padenga.
Walikulunga m'pepala la shuga
nkuliika m'chitini cha mabatani ako,
akuti mudzalione nokha.

Otsala tawathira m'botolo la kofi, tatseka zolimba.
Awiri apita kwa a Nabanda, obwereketsa chiwaya,
opsa aja ndadya ine ndi tiyi wopanda mkaka.
Magetsi ayaka tikutsuka.

Ndikutumizira chithunzi data ikalowa:
mwana wako akuseka ndi chipata pakamwa,
kanjere kamodzi kakhala pomwe panali dzino.
Undiuze za soda ija.
Mwina inachuluka.