Nambala Folo

Bokosi lafika Lachinayi,
chipale chofewa chitakwirira msewu wochokera ku Roundup.
Wa positi wangolisiya pakhomo la galaja, osagogoda n'komwe.
Ndaling'amba ndi mpeni wa bambo.
M'katimo muli chitako chatsopano cha mfuti, chogwirira,
ndi magazini asanu onunkha fakitale.

Bambo anga, a Dell Hovland, anali ndi mikono yaitali,
ankatola sipanala pansi osawerama kwenikweni.
Mfutiyi inkawadziwa.
Ine ndikaitsamiritsa paphewa
khosi limasololoka ngati la tsekwe,
chala chamkombaphala n'kumapapasa mphepo,
chandamale chikuvina kutaliko.

Roscoe wa kubwalo lowomberako anandiuza mu Okutobala,
akulavula makoko a mpendadzuwa:
"Maren, leka kulimbana ndi chitsulo.
Nsapato ya eni sathamangira."
Ndinamukwiyira miyezi itatu.

Lero ndazula magazini, ndasuzumira m'mimba mwa mfuti kawiri,
kachitatu ndapisamo kachala,
monga ankachitira iwo
ngakhale akudziwa kuti mulibe kanthu.

Ndayamba ndi chogwirira. Sikuluwu ndi imodzi yokha,
koma pochikoka kasipuling'i kang'onong'ono kathawa,
thii! kumdima.
Theka la ola ndakwawa pasimenti yozizira, tochi kukamwa,
ndapeza misomali, ntchentche zouma,
magalasi awo owerengera, mwendo umodzi wothyoka,
amene anatinamizira tonse kuti tawabisa.
Kasipuling'iko kanali m'khwinya la buluku langa.

Chogwirira chakale chili ndi kamtumbira
kolekanitsa zala za munthu wamkulu dzanja.
Chatsopanochi n'champhira, choima chilili,
chalowa m'chikhatho changa osafunsa kuti ndine mwana wa yani.

Chitako ndiye chandigwira pakhosi.
Anachikulunga siponji ndi tepi yakuda,
ndipo pamene pankagona tsaya lawo
tepiyo inaperepeseka, ikunyezimira,
ndevu zinaipala zaka khumi ndi ziwiri.
Ndanunkhiza. Mafuta a mfuti basi, ndi fumbi.
Ndakhala pandowa, hita ikung'ung'udza,
mphepo ya ku Montana ikukankha chitseko
ngati ili ndi mawu.

Kenako ndamasula.

Chatsopano chimatsetsereka panjanji yake,
khethe, khethe, malo asanu ndi limodzi.
Pachiwiri mphuno yagunda chitsulo.
Pachinayi bambo akadali pomwepo.
Pachitatu ndatsinzina, ndakweza mfuti, ndatsegula maso,
diso lapezeka pakati pa galasi
ngati lakhala likudikira pamenepo kuyambira kale.

Magazini awo ndi achitsulo, okandikakandika,
aliyense ndi nambala ya penti yoyera kunsi kwake.
Nambala folo anaidula mtanda.
Milomo yake inapindika, imatsamwitsa mfuti pakati pa mpikisano,
koma sanaitaye.
Ankaisakaniza dala m'chikwama changa
kuti ikandikanira ndiphunzire kusanjenjemera.
"Wabodza mmodzi azikhalapo," ankatero,
"kuti usamagone."
Ndinkalira ndi mkwiyo, iwo akumwa khofi.

Atsopanowa ndi apulasitiki, ali ndi kazenera m'mbali
koonetsa zipolopolo zatsala zingati.
Akulowa ndi kakuwe kamodzi, akugwa okha ndikadina.
Palibe wokana.
Ndagwedeza cholembera cha penti mpaka kamwala kalira m'kati,
ndalemba: wani, thu, fili,
dzanja laima lokha,
faifi, sikisi.

Loweruka ndikapita kwa Roscoe, kukazizira bwanji.
Mbale yachitsulo ya pamayadi mazana atatu
mwina ikalira, mwina ayi,
sindikamuuza kuti ananena zoona.

Chitako chakale ndachipachika pamsomali pamwamba pa benchi,
tsaya lake kuloza kuzenera.
Magalasi ndaika m'thumba la jekete.
Nambala folo ndaiponya m'chikwama pamodzi ndi anzake,
ndapukusa chikwamacho
kuti ndisadziwe pamene yagona.