Godelieve Safunsa

M'kabala ka Godelieve, kuseri kwa tchalitchi ku Oudenaarde,
mulibe bolodi la mayina a mowa.
Ukalowa amakuyang'ana nsapato kaye,
kenako mapewa,
kenako mmene watsekera chitseko.
Akatero, dzanja lake ladziwa kale botolo.

Wannes akafika ndi njinga yamatope,
thukuta lili kamukamu, atakwera mtunda wamiyala kanayi,
amamuthirira woyera uja wa tirigu,
wambuu ngati madzi otsukira mpunga,
wonunkhira makoko a lalanje.
"Wa ludzu," amatero. "Ludzu silifuna nzeru."

Tsiku lomwe Ambroos anagulitsa ng'ombe zake zamkaka,
zonse makumi atatu, mwana atakana ulimi,
anamutulutsira wakuda wa amonke,
wolemera, wa fungo la mphesa zouma ndi buledi wopserera,
m'tambula yotakata pakamwa ngati chikho cha paguwa.
Umenewo sagugudiza, amaukhalira pansi.
Ambroos anaufumbatira ola lathunthu osanena kanthu.
Godelieve naye ankangopukuta matambula ouma kale.

Atsikana a kufakitale akalandira malipiro
wawo ndi wofiira wa matcheri,
phwete lawo limakamveka mpaka pa mlatho.
Abale awiri akayambana za malire a munda
amawaikira botolo limodzi, lalikulu,
loti munthu payekha sangalithe.

Ine, tsiku lomwe Marijke ananyamula masutikesi ake,
ndinkafuna waukali, wogwetsa,
woti ndiiwale ngakhale dzina la msewu wanga.
Anandiikira wofooka, uja timatsitsira chakudya chamasana,
ndi tizidutswa ta tchizi pambale.
Ndinakwiya. Ndinamwa matambula atatu.
Ndinakafika kunyumba ndi miyendo yanga,
ndipo foni sindinamuimbire Marijke.
Zikomo wa tsiku limenelo sindinaperekebe.

Mu Febuluwale tinakaika Remi, mwamuna wake,
mvula yamawawa ikutilowa m'makolala.
Pobwera kumanda anakhala mbali ya kuno kwa kauntala,
koyamba pa zaka makumi atatu ndi chimodzi,
chikhoti osavula.
Anandikankhira makiyi:
"Lero undisankhire ndiwe."

Ndinaima kuseri kuja ngati nkhuku yachilendo.
Nsapato zake: dothi la kumanda.
Mapewa: owongoka, onama.
Chitseko anatseka ndi wina.
Wakuda ukanakhala kusenzetsa mwala wina pamtolo.
Wa matcheri, chipongwe.
Ludzu analibe.

Ndinatsikira m'chipinda chapansi.
Pakona, mabotolo ogona chammbali, atafunda fumbi ndi ulusi wa kangaude.
Limodzi linali ndi choko cha dzanja la Remi,
chaka chija denga linadontha.
Wowawasa uja, wofufumitsidwa ndi mphepo ya usiku yokha,
wakale ndi wanthete atakwatitsidwa m'botolo
n'kuiwalika mumdima.

Chitsekerero chinati phu!
Ndinathira pang'onopang'ono kuti masese asadzuke.
Ananunkhiza: khola la akavalo, udzu wonyowa, apulo wosapsa.
Analawa.
Nkhope inakwinyika ngati ya mwana woluma ndimu.

"Ankati sunakhwime," anatero.
"Chaka ndi chaka: dikira, mkazi wanga, dikira."
Anamwanso, motalikirapo.
"Unakhwima kalekale uwu.
Munthu uja anali woumira basi."

Apo m'pamene anaseka,
kuseka konyowa, kogwedeza mapewa onama aja mpaka anagwa.
Ambroos anatambasula tambula yake, Wannes nayenso,
tinagawana mpaka dontho lomaliza,
aliyense akukwinya nkhope, palibe wobweza.

"Wathira moipa," anandiuza potuluka.
"Thovu lachepa."

M'mawa mwake anali wabwerera kuseri kwa kauntala.
Ndinatseka chitseko mofatsa, mwadala.
Sanapusitsike.
Anandiyang'ana nsapato.