Kamphete Kamene Kanatsala M'thumba

Kachitatu sabata ino buleka yagwa
m'nyumba yoziziritsira nsomba ya Ermelinda Cárcamo,
kunsi kwa zitunda za Valparaíso,
kumene mabwato amatula katundu kusanache.
Madzi oundana asanduka matope ofiirira pansi,
makilo mazana anayi a nsomba ayamba kulankhula,
ndipo mayiwo andiyang'ana osaphethira:
"Evaristo, usandiuzenso kuti ndi chinyezi."

Si chinyezi.
Ndakwera makwerero, tochi pakamwa,
ndamasula chivundikiro cha bokosi lachinayi kudenga.
Mkati muli bii! ngati m'ng'anjo yozima,
fungo la pulasitiki wopserera landilowa mpaka m'mano.

Apa pamene paipi yachitsulo ilowera m'bokosi
mlomo wake uli pamtunda,
wakuthwa monga unachokera ku sowo.
Pamafunika kamphete pamenepa,
kosalala, kotchipa kuposa tikiti ya basi,
koti waya azitsamira potuluka.
Palibe.

Injini ya firiji imanjenjemera usana ndi usiku
ndipo chitsulo sichipupuluma:
lero kukanda, mawa kukanda,
chaka ndi chaka kudya khungu la waya
mpaka mkuwa unasuzumira
n'kupsompsona chitsulo, thethethe!
Moto unayesa, unalephera.
Ulendo uno wokha.

Ndamutukwana chamumtima mmisiri waulesiyo,
iye ndi amene anamuphunzitsa yemwe,
kenako ndatembenuza chivundikiro.
Kuseri kwake, ndi choko chachikasu,
deti la zaka khumi ndi chimodzi zapitazo
ndi zilembo ziwiri: E.Q.
Q wa mchira wopindikira m'mwamba,
momwe ndimalembera ine ndekha.

Ndakumbuka tsopano. Linali Lachisanu madzulo,
abwana Baldomero akuliza hutala panja,
timphete tikulira m'thumba la ovolosi,
ine nkuti, "Ndidzaika Lolemba."
Lolembalo ndi lino, landipeza ndi imvi.

Ndapala mlomo wa paipi ndi tupa,
ndakoka waya watsopano,
ndamanga kamphete mpaka kuti gwa.
Mabokosi atsala khumi ndi anayi kudenga kuno
ndipo onsewo anatseka ndi manja omwewa.

"Ndi zingati?" akufunsa mayiwo ali pansi,
zala zonona mamba zitagwira mwendo wa makwerero.
Ndachotsa tochi pakamwa
koma mtengo ukukana kutsika.
"Mayi, musalole munthu kugona muno usiku uno.
Kankhani makwerero, tipite pa bokosi linalo."