Malungo a Makina

M'mawa imadzuka bwinobwino,
kung'ung'udza pansi pa tebulo ngati njuchi m'mphako.
Koma dzuwa likafika paliwombo pano pa Kamwendo,
malata atayamba kuthetheka,
thi! yazima.
Osatsanzika. Osanena n'komwe kuti ndatopa.

Lolemba inazima tili pakati pa kalata ya a Zinenani
yopempha ntchito ya ulonda.
Tinali titangofika pa mawu akuti
"ndine munthu wokhulupirika."
Lachiwiri inameza ndondomeko ya maliro,
mayina onse a onyamula bokosi,
wofedwa ali chiimire pakhomo, chipewa m'manja.

Aliyense wodutsa anasanduka dokotala.
Wa chiwaya akuti ndi magetsi ophethirawa.
Mnyamata wa mayunitsi akuti ndi vairasi
yobwera ndi fulashi ya nyimbo za ku Chipata.
Mai Nankhoma anangoloza ndi mlomo
shopu ya kutsidya kwa msewu:
"Uja mnzakoyo, sabata yatha anagona kuti?"

Ine ndinangoika dzanja pambali pa bokosilo
monga ndimachitira pamphumi pa Tawina usiku.
Moto! Ungakazingirepo chimanga.
Ndinatchera khutu kumbuyo kwake:
fani yomwe kale inkapuma fuu, fuu,
inali zii.

Ndinazula chingwe kukhoma.
Zomangira zinayi ndinaziika m'kapu
kuti zisathawire m'ming'alu ya simenti.
Nditatsegula, mayo ine!
Fumbi la zilimwe zitatu
litalukana ngati bulangete la m'kaunjika,
ndipo pakati pa mapiko a fani
khoko la mtedza, lolumidwa mwaukhondo.
Khoswe ankakhala m'menemo osalipira lendi.

Ndinaitulutsira pansi pa mtengo wa kesha.
Sautso wa kabaza anabweretsa pampu yake,
iye akupopa, ine ndapanikiza fani ndi chala
kuti isazungulire mwamisala.
Mtambo wofiira unatikuta,
tinayetsemula mpaka ana a sukulu anaima kutiwerengera.

Pansi pa chitsulo cha mano ngati chipeso,
phala lomata mtima wa makina linali litauma gwa,
lang'aluka ngati dambo mu Okutobala.
Ndinalipala ndi khadi yakale, n'kupukuta ndi sipiriti.
Latsopano ndinatuma kondakitala ku Lilongwe,
chenje sindinaione mpaka lero.
Ndinadontheza pang'ono chabe, kukula kwa njere ya mphodza.
Kenaka njerwa ziwiri pansi pake,
n'kuisuntha kuti isapumirenso khoma.

Mtsikana wina wa ku koleji, akudikira satifiketi yake,
anati: "Sikuti imafa, achimwene.
Imadzizimitsa dala, isanapse."

Sindinamuyankhe.
Ndinaona bambo anga ku esiteti,
akusonkha moto wa balani ya fodya usiku wachinayi,
malaya atamata pamsana, maso ali psuu,
kapitawo akuti tsamba silidikira munthu.
Iwo analibe kachipangizo kowauza kuti basi.
Sanazime.
Anapitirira, napitirira,
mpaka tinawanyamula pangolo.

Tsopano ndi fili koloko, ikadali moyo,
kamphepo kofunda kakundisisita akakolo.
A Zinenani abweranso, avala jekete m'dzuwa lonseli.
Tayambira pomwe tinalekera.
Mzere uliwonse ndikusunga ndisanapite pa wina,
chifukwa wolumidwa ndi njoka amaopa ndi luzi lomwe.

Akuti ndiwonjezere kuti sagona pantchito.
Zala zanga zaima pamwamba pa mabatani.
Ndalemba, poti kalata ndi yawo.

Koma mawa ikakwana thwelofu
ndidzaizimitsa ndekha,
ndidzatseka chitseko theka,
ndidzamwa madzi nditakhala pansi.
Wofulumira apite kutsidya kwa msewu.