Mchenga wa pa Chiromo

Zuze wabwera atavala jekete.
Pa Chiromo, mu Okutobala, jekete!
Ana a padoko akumulondola mpaka kubwato langa,
iye thukuta kamukamu, koma kuvula ayi,
akuti n'chovala cha ntchito.

Ntchito yake n'kusenza zikwama za alendo
okwera Mulanje kukangoona.
Kukaona chiyani? ndafunsa ndikukapa madzi.
Akuti pa Sapitwa palibe mtengo, malume,
ndi miyala yokhayokha, ina kuposa nyumba ya sitima,
pena umakwawa pansi pake ngati gulo.
Akuti mitambo umaiweramira.
Mu Juni udzu umacha woyera mbee,
madzi ogona m'ndowa amauma pamwamba,
umachita kuwaswa ndi chibakera usanasukusule.
Chifunga chikatsika, dzanja lako lomwe limakusowa,
ndipo wanzeru amakhala pansi, osasuntha.

Ndaseka mpaka nkhafi kugwa.
Kuno timagona panja, mkeka utanyowetsedwa,
mbuzi zimalimbirana mthunzi wa msawu,
phula la pamsewu wa Bangula limamata patapata.
Ndiye pali anthu olipira ndalama kuti azizidwe,
kulipira kuti miyendo iwawe,
akafika pansonga n'kujambulitsa, n'kudya bisiketi,
basi n'kutsika?
Eya, watero Zuze, ena amalira ndithu.

Ine sindinakwereko.
Phirilo ndimaliona mvula ikatsuka fumbi,
kutali uko, lobiriwira ngati utsi wa m'munda mwa eni.
Koma usandiuze kuti sindilidziwa, mphwanga.
Pisa dzanja apa, pamene Ruo akulowa mu Shire:
mbali iyi ndi yofunda, iyo ikuzizirirapo.
Zaka makumi atatu ndawoloka pamsoko umenewu.

Ndipo chaka chija linatsika lokha.
Kuno kunkangowaza, mawawa chabe,
koma pakati pa usiku tinamva kulindima,
phiri likubwera ndi mitengo yake, mizu m'mwamba,
mitengo yomwe sitidziwa ndi maina omwe.
Linatenga khola, linapinda njanji ngati waya wa msampha,
linatenga Alufandika ndi njinga yake.
Tinachezera mumtengo wa mango, anthu khumi ndi mmodzi,
ndipo kuzizira ukunenako
ndinakumva m'mano usiku umenewo, wopanda jekete.

Pamene ndinkalima mapira pali mchenga wofika m'chiuno.
Umanyezimira masana. Sumera kanthu.

Watapa pang'ono Zuze, kuupukusa pazala,
akuti ndi womwewo, wa m'makwawa a kumwamba.
Ndautapanso ine, ndaumanga m'pepala la shuga.
Lolemba ukukweranso, eti?
Ika m'thumba la jeketeyo, sulemera.
Alendo ako akamajambulitsa,
iwe ukauthire pamwala wapamwamba penipeni.
Usakanene kanthu.
Kaya ukanene kuti eni dimba akuti landirani zanu,
zotsala tidzatumiza pang'onopang'ono.

Tsopano khala pakati, bwato lisapendeke.
Mayi wa nkhuku uyo wadikira kalekale.