Chilembo Chimodzi

Magetsi a ku Belvedere athimanso cha m'ma thu koloko.
Jenereta kuseri kwa labotale yatsokomola kawiri
kenako yagwira mpweya.
Pa kamdima kameneko
makina owerenga DNA sanaphethire n'komwe,
batire linawanyamula,
koma seva ya m'chipinda chinacho yadzidzimuka
ili pakati pomeza fayilo.

Yanga ntchito ndi kudikira.
Pulogalamu imene analemba Shingirai asanapite kutchuthi
imachita zonse yokha.
Imazonda foda usiku wonse osayasamula,
fayilo ikangopsa imaipatsa dzina, tsiku, nambala ya wodwala,
imaiyeza, n'kuidinda chidindo chachitali cha manambala,
imaiwolotsa,
ikafika kutsidya imaiyezanso.
Zidindo ziwiri zikafanana, kamzere kobiriwira.
Ine n'kumwa tiyi wanga wozizira.

Lero fayilo ya makumi anayi ndi chimodzi yatuluka yofiira.

Ndi makhololo a munthu wa ku Glen View.
Sindimudziwa. Ndikungodziwa kuti akutsokomola,
kuti wina akumuchapira mapilo,
ndipo dokotala akudikira kumva
ngati tizirombo ta m'mapapo mwake
tikumvabe mankhwala kapena tinauma mutu.
Yankho likhoza kugona pa kamalo kamodzi
pakati pa zilembo mamiliyoni anayi.
A, C, G, T.
Chimodzi chikakhala pampando wa chinzake
mapiritsi a miyezi isanu ndi umodzi ndi timiyala chabe.

Ndikuchidziwa chilembo chimodzi ine.
Agogo anga aamuna anatsika basi pa Mbare
ali ndi bulangete, kalata ya ku mpingo
ndi dzina loti Mtambalika.
Kalaliki wa zitupa, lilime lake losazolowera l,
analemba Mtambarika. Anadinda. Wotsatira!
Zaka makumi atatu pa fakitale ya fodya ku Willowvale
akuyankha "ndilipo" ku dzina la munthu wina.
Atagona ku manda a Mbudzi,
amayi anayenda ndi envulopu ya khaki
ofesi ndi ofesi mpaka zidendene kung'aluka,
mapepala awiri okangana m'manja,
uyu akuti l, uyu akuti r,
ndipo amene akanalamula mlanduwo
anali atatseka kale pakamwa.
Penshoni inadyedwa ndi kabati.

Pa sikirini pali batani loti ndingovomereza.
Kulidina kamodzi basi,
lipoti lituluka seveni isanakwane,
palibe angandifunse.
Chala changa chaima pamwamba pake ngati ntchentche.

Koma pulogalamuyi ili ndi khalidwe limene ndimalisirira:
sifufuta fayilo yoyamba ija
mpaka yachiwiri italumbira mawu omwewo.
Yataya yopunduka,
yalemba m'kaundula ola ndi mphindi yomwe yapunthwa,
osadzikometsera,
yabwerera kwa makina n'kupempha, ndipatseninso.
Ndachotsa chala.

Kamzere kakukwawa.
Udzudzu wapeza khutu langa.
Sekuru Mapfumo, mlonda wa pa geti,
agogoda pa zenera kufunsa ngati ketulo ikadali yotentha,
ndawapatsa ndi buledi wotsala.
Andifunsa chimene ndikuyang'anitsitsa chonchi.
Ndati, munthu wina akuwoloka.
Agwedeza mutu ngati amva, abwerera ku mbaula yawo.

Filii koloko itadutsa pang'ono,
chidindo cha kuno ndi cha kutsidya
zayang'anana nambala ndi nambala
mpaka yomaliza.
Chobiriwira.

Sindikudziwa ngati ndi uthenga wabwino
kwa munthu wa ku Glen View uja.
Mwina ndi woipa.
Koma ndi wake, wafika monga unanyamukira.

Makombi ayamba kuitana pa msewu wa ku Bulawayo.
Ndatsegula buku losainira a usiku.
Pa chitupa changa pakadali r,
ndipo malipiro amabwerera momwemo.
Koma muno, m'buku lomwe sawerenga aliyense,
ndimalemba l,
ndimamukoka wamtali
mpaka agunde mzere wa pamwamba.